Ulemu kwa Owerengera Ndalama

Ndimawapatsa ulemu ana a ku Fíngoè amene amapita ku Tete kukaphunzira zowerengera ndalama pa Instituto Superior Politécnico de Tete, sukulu imene inakhazikitsidwa mu 2005. Maphunzirowo ndi owawa. Munthu amachezera usiku ali pabuku, kusakasaka metikali imodzi yosowa mpaka zolowa ndi zotuluka zigwirizane, zonsezo m'Chipwitikizi, chinenero chimene sanayamwe.

Phindu lake ndimaliona tsiku limene a bungwe la boma la INAS amapereka thandizo kwa okalamba. Kalaliki wophunzitsidwa bwino sathamanga. Amati, "Agogo, tiwerengere limodzi," n'kuwerenga mokweza, pang'onopang'ono, kawiri ngati m'pofunika. Agogowo amadinda chala, n'kumanga ndalama zawo pansonga ya chitenje, mtima uli m'malo.