Mau a Cingerezi Onena za Kutsiriza Nchito: Cosowa m'Buku la Roget

M'caka ca 1852 Peter Mark Roget, sing'anga wa ku London, anatulutsa buku losanja mau a Cingerezi potsata ganizo, osati potsata zilembo. Mwa mitu yake 1,000, mutu wa 729 ndiwo unasonkhanitsa mau onena za kutsiriza nchito. Roget sanamasulire mauwo, pakuti analembera munthu wodziwa kale cinenero, amene liu langomuthawa pakamwa. Vuto limabuka pamene kasanjidwe kotere kalowa m'kalasi, mphunzitsi nalemba pa bolodi "finish", "complete", "accomplish" ndi "carry out", kenaka nawamasulira onse ndi liu limodzi lakuti kumaliza, ngati kuti ndi mapasa.

Mauwa si mapasa ai. Liu lakuti "finish" linadzera m'Cifalansa kucokera ku liu la Cilatini lotanthauza malire, ndipo limangonena kuti munthu wafika polekezera. Koma "complete" linacokera ku tsinde la Cilatini lotanthauza kudzaza, motero limafuna cinthu cokhala ndi mipata, monga fomu, nyumba yomangidwa kapena maphunziro. Ndico cifukwa cake Mngerezi anganene "finish eating", koma "complete eating" samayembekeza kumva. Wophunzira amene watuluka m'cipinda ca mayeso atasiya mafunso awiri osayankha angathe kunena "I have finished", osanama konse, ngakhale kuti pepala lake silinakwane. Liu lakuti "accomplish" ndi la tsinde lomwelo la kudzaza, koma limanyamula ulemu. Salichula posesa pabwalo. Nalonso "carry out" kawirikawiri limanena za kucita cimene calamulidwa kapena kukonzedwa kale, pamene "see through" limaloza kupirira pa nchito yovuta. Cinyanja cimasiyanitsa kutha, kutsiriza, kukwaniritsa ndi kupirira mpaka mapeto, ndipo palibe cifukwa cobisira ophunzira cuma cimeneci.

Komabe cosowa cacikulu cili pena. Cingerezi nthawi zambiri sicisenzetsa mneni ganizo la kutsiriza, koma timau tating'ono totsatira mneniyo, monga "up", "out" ndi "down". Dwight Bolinger anafotokoza bwino za timauti m'buku lake la 1971 lonena za aneni otere. Kunena "eat" ndi kudya cabe, koma "eat up" ndi kusasiya kanthu m'mbale. Nyumba ingathe kuyaka moto nkupulumuka, koma ikanenedwa kuti "burnt down" ndiye kuti patsala phulusa. Mndandanda wa mau ofanana sungaonetse dongosolo limeneli, cifukwa kamau kamodzi kamayenda ndi aneni ambiri amene amwazikana m'mitu yosiyanasiyana.

Apa ndi pamene mphunzitsi wa kuno ali ndi mwai umene mlembi wa ku London analibe. Nchito imene Cingerezi cimapatsa kamau koima pakokha, Cinyanja cimaipatsa mphatikira wa kumapeto kwa tsinde: kudya ndi kudyeratu, kumwa ndi kumweratu, kupsa ndi kupseratu, kuuma ndi kuumiratu. Mwana wa ku Katete amene amai ake amuuza kuti, "Imweratu mankhwalawo," adziwa kale tanthauzo la "drink up" asanaonepo khomo la sukulu. Cimene afunika ndi munthu womulozera kuti ziwirizi ndi cinthu cimodzi. Kumuloweza mndandanda ndi kumucotsa pa cimene adziwa ndi kumuika pa cimene angocita kuganizira.

Tisafulumire, komabe, kuyesa kuti kufanana kumeneku kulibe malire. Mphatikira wathuyu ali ndi tanthauzo laciwiri, lakucita cinthu nthawi isanakwane, monga m'mau akuti kuphikiratu ndiwo za mawa. Motero womasulira "pay up" ndi liu lakuti kulipiriratu angasokeretse omvera, pakuti Mngerezi akunena za kubweza ngongole yonse, kawirikawiri mokakamizidwa, osati kupereka ndalama katundu asanafike. Nako kamau kakuti "up" sikakhulupirika nthawi zonse: m'mau akuti "give up" kamanena za munthu amene wagwa ulesi nasiya nchito pakati.