Galimoto Zouluka ndi Makina a Fax

Nkhani zopeka za sayansi, zomwe zimafotokoza moyo wa anthu m'zaka za m'tsogolo, zimaweruzidwa molakwika kawirikawiri, chifukwa owerenga amangofunsa ngati wolemba analosera molondola chipangizo chakutichakuti, ngati kuti ntchito yake ndi yoombeza ula. Chofunika kufunsa n'chakuti kodi wolembayo anamvetsa mmene luso la zopangapanga limakulira.

Luso lililonse limakula ngati chimanga, chomwe chimayamba pang'onopang'ono, kenako n'kuthamanga, koma chikatulutsa ngayaye sichitalikanso. Akatswiri amatchula kakulidwe kotere kuti mzere wa S. Ambiri mwa olemba amaona kuthamangako n'kuiwala ngayaye. Panadutsa zaka 66 zokha kuchoka pa ndege ya abale a Wright mu 1903 kufika pamene munthu anaponda pamwezi mu 1969. M'nyengo ya kuthamanga kotereku, Stanley Kubrick ndi Arthur C. Clarke, omwe filimu yawo 2001: A Space Odyssey inatuluka mu 1968, anaonetsa malo okhala pamwezi ndi chombo cha kampani ya ndege ya Pan Am chonyamula anthu kupita kuthambo. Koma munthu anaponda pamwezi komaliza mu 1972, Pan Am inagwa mu 1991, ndipo ndege yothamanga kuposa phokoso ya Concorde inasiya kuuluka mu 2003. Chimene chinkakula mwakachetechete ndi chimene Gordon Moore anaona mu 1965, kuti ma transistor, tizipangizo toyatsa ndi kuzimitsa magetsi mkati mwa kompyuta, ankachuluka kawiri pakanthawi kochepa: chip ya Intel ya mu 1971 inali ndi 2,300, pamene za masiku ano zili ndi mabiliyoni. N'zoseketsa kuti filimu ya Back to the Future Part II ya mu 1989 inapatsa chaka cha 2015 galimoto zouluka, koma uthenga wochotsa munthu ntchito n'kubwerabe pa fax!

Amene anagwira mfundo ndi E. M. Forster m'nkhani yake The Machine Stops ya mu 1909. Iye sanataye mawu pofotokoza mawaya, koma anaika mayi wina, Vashti, m'kachipinda ka pansi pa nthaka, momwe amalankhula ndi mwana wake Kuno kudzera pachinthu choonetsa nkhope, pamene zombo zam'mlengalenga zilipo koma anthu alibenso nazo chidwi. Luso lake lagona pamenepa: anasiyanitsa chimene chikukula ndi chimene chaima, n'kuonetsa zotsatira zake pa chibale cha mayi ndi mwana, moti mantha a Vashti poyenda ulendo amanena zambiri kuposa makina alionse onyezimira. Nkhani imeneyi, yolembedwa wailesi isanayambe kuulutsa mawu kwa anthu, ikuposabe mafilimu awiri aja.