Zoikapo Makandulo za Angerezi: Kukongola ndi Mtengo Wake

M'zaka za m'ma 1700, nyumba za anthu olemera ku England zinkakhala ndi zoikapo makandulo zosemedwa kuchokera ku mtengo wa mahogany, umene ndi m'bale wa mbaŵa yathu. Chilichonse chinali ndi miyendo itatu, mzati woonda wofika m'chiuno kapena pachifuwa pa munthu, ndiponso kathabwa pamwamba pokhazikapo kandulo. Kaŵirikaŵiri zinkaima ziŵiri, china mbali iyi ya tebulo china mbali inayo, ndipo galasi la pakhoma linkabweza kuŵala m'chipinda monse. Lero zimagulitsidwa modula ngati chuma chamakedzana. Nanga ife tiziweruze motani?

Thomas Aquinas Woyera adaphunzitsa kuti chinthu chokongola chimafuna zitatu: ziwalo zake zigwirizane, chionetse poyera chimene chili, ndipo chikhale chathunthu. Pa mfundo yoyamba amisiri a Chingerezi sitingaŵapezere chifukwa. Mahogany ndi wolimba, sapindika ndipo safumbwa msanga. Motero mmisiri ankatha kuonda mzati popanda kuufooketsa, nkusema masamba ndi zikhadabo za kumiyendo mooneka bwino. Miyendo itatu imakhazikika ngakhale pansi posasalala, ndipo apa luso ndi ntchito zidamvana.

Pa mfundo yachiŵiri pali pokayikitsa. M'buku lake la 1754, The Gentleman and Cabinet-Maker's Director, Thomas Chippendale adajambula zoikapo makandulo za mtundu wa Rococo, zina zodzaza masamba ndi mizere yokhotakhota kuyambira pansi mpaka pamwamba. Diso limatanganidwa ndi mtengo, nkuiŵala laŵi. Komatu choikapo kandulo ndi mtumiki, ndipo mtumiki wovala koposa mbuye wake waiŵala udindo. Nchifukwa chake zosemedwa modziletsa zimapambana zokometsedwa mopitirira muyeso.

Mfundo yachitatu Aquinas adaikamba ponena za chinthu chosapereŵera chiwalo. Ife tiitambasule kuti ifike pa chiweruzo chathu chomwe, pakuti chiweruzo chosiya mbiri ya thabwa nchopereŵera. Mu 1721 nyumba ya malamulo ya Britain idachotsa msonkho pa matabwa ochokera ku maiko ake a ku America, ndipo mahogany adayamba kufika wambiri kuchokera ku Jamaica, pambuyo pake ku dziko limene lero ndi Belize. Odula mitengoyo ndi kuikokera ku mitsinje anali akapolo ochokera ku Africa pamodzi ndi ana ao. Lamulo lothetsa ukapolo m'maikowo lidabwera mu 1833, nthaŵi ya Chippendale itapita kale. Nkhalango nazo zidalipira: mahogany wa ku zilumba za Caribbean adachepa kwambiri, ndipo kuyambira 1992 malonda ake amayang'aniridwa ndi pangano la CITES.

Kodi tsono tizinyoze ziŵiyazi? Iyai. Luso la mmisiri nloona, ndipo kulikana nkunama. Koma kutamanda wosema nkuiŵala wogwetsa mtengo ndi bodza lina, lokulirapo. Dzina la Chippendale lili m'mabuku onse a mbiri ya mipando, pamene manja amene adayamba kugwira thabwalo alibe woŵatchula.

M'chinenero chathu mau akuti mtengo amanena chomera cha m'nkhalango, amanenanso zimene munthu walipira. Ife amene timalandira zokongoletsa nyumba ya Mulungu kuchokera kwa opereka mphatso, tizoloŵere kufunsa za mitengo iŵiri yonseyi.