Cithunzi ndi mthunzi: kuunika nchito ya ¡Sombra! ya ku Phoenix

Mzinda wa Phoenix, m'cigawo ca Arizona ku United States, unamangidwa m'cipululu. M'caka ca 2023 kunatentha madigiri 43 kapena kuposerapo kwa masiku 31 otsatizana, kuyambira pa 30 Juni mpaka pa 30 Julayi. Caka cimeneco anthu 645 anamwalira cifukwa ca kutentha m'boma la Maricopa, momwe muli mzindawu. Mwa njira zomwe akuluakulu a mzinda anayesa pambuyo pake, imodzi ndi yoyenera kuti aphunzitsi a ziyankhulo ziwiri aiunike: anaitana anthu a zaluso kuti amange mithunzi.

Dzina la nchitoyi ndi ¡Sombra!. Bungwe la Bloomberg Philanthropies linapereka madola 1 miliyoni, ndipo mu 2025 mithunzi 9 inaimikidwa m'mapaki osiyanasiyana a mzindawu kwa miyezi yowerengeka.

Cabwino coyamba ndi dzinalo. Sombra ndi liwu la Cisipanishi, ndipo ndi lomwelo lomwe m'Cipwitikizi limatanthauza mthunzi. Nchito za boma ku Phoenix zimayenda m'Cingerezi, koma pa anthu 10 alionse a mumzindawu, pafupifupi 4 ndi a mabanja ocokera kumaiko olankhula Cisipanishi. Kusankha liwu la kunyumba kwawo kunali kuwauza kuti nkhaniyi ndi yawonso. Mphunzitsi amene waonapo mwana wamanyazi akukweza dzanja atangomva funso m'Cinyanja sangadabwe nazo.

Cabwino caciwiri ndi cakuti mithunziyi inanyamula nkhani. Luke Haynes anasoka denga lake ndi zigamba za nsalu zogwiritsidwa kale nchito. Feng-Feng Yeh anafotokoza mbiri ya eni masitolo Acichaina a ku Arizona amene kale ankapanga soseji ya chorizo, ija ya chouriço, n'kumagulitsa kwa anansi awo ocokera ku Mexico. Cikwangwani ca cenjezo munthu amaciwerenga kamodzi n'kupitirira. Mthunzi wokhala ndi nkhani umamukhazika pansi, afunse, ayankhidwe, nayenso asimbe zake. Motero kutentha kumaleka kukhala vuto lomwe banja lililonse limapirira palokha, kumasanduka nkhani ya pabwalo.

Koma nchitoyi ili ndi malire, ndipo ndi aakulu. Mwa anthu 645 aja, pafupifupi theka anali osowa pokhala. Enanso ambiri anafera m'nyumba momwe makina oziziritsa anali atawonongeka kapena atazimitsidwa. Nsalu yokongola ya m'paki siwafikira anthu amenewa, ndipo ikacotsedwa dzuwa limabwerera pomwe linali. Ku Freetown, likulu la Sierra Leone, anacita mosiyana: anafolera misika yomwe amayi amakhalamo tsiku lonse akugulitsa. Ku Ahmedabad, ku India, amapaka madenga a nyumba za osauka utoto woyera kuti asamwe kutentha. Izi n'zosakopa maso, koma zinaikidwa pamalo pomwe munthu sangacokepo ngakhale dzuwa liswe mtengo. Eni ake a ¡Sombra! ananena poyera kuti uku kunali kuyesa cabe, ndipo Phoenix ili ndi ofesi yoona za kutentha kuyambira mu 2021. Conco mtengo weniweni wa nchitoyi udzaoneka pa mithunzi yokhalitsa imene idzatsalire anthu.

Nkhani ya Phoenix si yacilendo kwenikweni kuno. Ku Angónia ndi ku Tsangano nyengo ndi yozizirira, koma aliyense amene watsikirapo ku Moatize kapena mumzinda wa Tete mu Okutobala kapena Novembala akudziwa kutentha kopitirira madigiri 40. M'Moçambique muno akadalipo makalasi ophunzirira pansi pa mtengo, ndipo ena ali m'zipinda za malata zopanda siling'i momwe ana amawodzera nthawi ya masana isanakwane.

Cinyanja cili ndi mawu awiri a tsinde limodzi: cithunzi ndi mthunzi. Cipwitikizi cimawalekanitsa, desenho kwina, sombra kwina. Phunziro likhoza kuyambira pomwepa. Ana ajambule njira yawo ya kusukulu, asonyeze pomwe pali mango, msawu kapena mlambe, ndi pomwe pali mtetete. Kenako akafunse agogo awo m'ciyankhulo ca kunyumba cifukwa cake nyumba ya udzu imazizira kuposa ya malata, nchito ya khonde lalikulu, ndi cifukwa cake madzi a mumtsuko amazizira kuposa a m'cigubu. Yankho la funso lomalizali ndi sayansi yeniyeni: madzi ena amatuluka pang'onopang'ono m'timabowo ta dothi, ndipo akamauma amacotsa kutentha, monga limacitira thukuta pakhungu. Mwana akamvetsa izi m'Cinyanja, liwu lakuti evaporação limapeza pokhala. Zizindikiro zoopsa aziphunzirenso m'ziyankhulo zonse ziwiri: mutu, cizungulire, kufooka, kusokonezeka maganizo. Adziwe kuti mnzawo wotere apite naye pamthunzi, amuthire madzi, aitane wamkulu msanga.

Colakwa coyenera kupewa ndi comwe cikuoneka ku Phoenix, cakuti luso lithere pa cionetsero. Zojambula zikakhomedwa pakhoma, alendo n'kuwomba m'manja, ana adzabwererabe kwawo panjira yomweyo ya dzuwa. Mapu a ana aperekedwe ku komiti ya sukulu ndi kwa mfumu kapena mlembi wa dera, asonyeze pomwe mitengo ibzalidwe mvula ikayamba, pomwe mtsuko wa madzi akumwa uzikhala, ndi amene azithirira mbande m'cilimwe.

¡Sombra! yaonetsa kuti anthu amabwera akamva ciyankhulo cawo ndi mbiri yawo. Yasiya funso lakuti akabwera apeza ciyani caka camawa. Sukulu ili ndi mwayi womwe cionetsero ca miyezi yocepa cilibe: ana omwewo amabwera tsiku lililonse kwa zaka zingapo, nthawi yokwanira kuti mango amene anabzala ali m'kalasi yoyamba ayambe kuwapatsa mthunzi asanamalize pulayimale.