Ndani adikire, ndani apite: luso lobisika m'mimba mwa droni

Mu June 2017 boma ndi UNICEF anatsegula malo oyesera ma droni pabwalo la ndege la Kasungu, kufika makilomita 40 mbali zonse. Anthu a kwa Kaomba anayamba kuzolowera tindege topanda oyendetsa tikudutsa pamwamba pa minda ya fodya. Maso amagwera pa mapiko. Ine chimene chimandikoka ndi pulogalamu yokhala m'kakompyuta ka droni, chifukwa kuilemba bwino ndi luso lovuta ngati kuomba ng'oma zingapo munthu mmodzi.

Kakompyutako kali ndi ntchito zambiri: kumva kupendekeka kwa ndege, kulamula mamota, kuwerenga GPS, kuyang'ana batire, kuyankha wailesi, kusunga mbiri ya ulendo. Mu ArduPilot, pulogalamu imene imayendetsa ma droni ambiri, ntchito yowongola droni ya mapiko ozungulira imabwerezedwa ka 400 pa sekondi. Yankho lolondola likachedwa pang'ono chabe, mphepo ya mwera yatembenuza kale ndege. Choncho funso la mmisiri n'lakuti: ntchito ziwiri zikafuna kuchitika nthawi imodzi, idikire iti?

Olemba ArduPilot anaika ndandanda. Ntchito iliyonse inalembedwa kuti ichitike kangati pa sekondi ndipo itenge nthawi yotalika bwanji. Yowongola ndege imayamba. Nthawi yotsala ikachepa, zinazo zimadikira mpata wotsatira. Njirayi ndimaikonda chifukwa munthu ukhoza kuiwerenga n'kudziwa chimene chichitike. Vuto lake, ntchito imodzi ikapitirira malire ake, zinzake zonse zimavutika.

Njira ina ndiyo kupatsa ntchito iliyonse udindo, yaikulu n'kumadula yaing'ono pakati. Mu 1973 Liu ndi Layland anasonyeza kuti ngati ntchito zobwerezedwa pafupipafupi zipatsidwa udindo wapamwamba, ndipo zonse pamodzi sizidya kupitirira pafupifupi 69 peresenti ya nthawi, palibe imene ingachedwe. Masamuwa ndi okongola, koma amagwira pokhapokha ntchitozo zisakudikirirana. M'makina enieni zimagawana zinthu, ndipo mavuto amabadwira pomwepo.

Taganizani pa esiteti. Woyang'anira moto wa mu balani akufuna nkhuni tsopano lino, apo ayi fodya awonongeka. Nkhuni zatsekeredwa, kiyi ali ndi mnyamata waganyu. Mnyamatayo akubwera naye, koma kapitawo wamuimitsa kuti ayambe wasesa, atatha apo akatunge madzi. Kapitawo sangalamule wamoto, komabe ndiye wamuchedwetsa, osadziwa n'komwe.

Izi zinachitikadi pa Mars Pathfinder, chombo cha NASA chimene chinatera pa Mars pa 4 July 1997. Ntchito yaing'ono yosonkhanitsa za nyengo inagwira kiyi, ntchito zapakati zinailanda mpata, ndipo yaikulu yogawa uthenga inakhala ikudikira. Kompyuta poona kuti ntchito yofunika sinathe pa nthawi yake, inkadzizimitsa n'kuyambiranso. Akatswiri a ku JPL, amene anamanga chombocho, analibwereza vutolo pa chombo chofanana nacho chimene anali nacho pansi pano, kenako anatumiza kusintha kwakung'ono mu VxWorks, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ya chombocho: wogwira kiyi azibwereka udindo wa amene akumudikira mpaka atabweza. Chimene ndimachitamanda apa si kukonzako kokha. Amisiriwo anasiya m'pulogalamu njira yolondolera zimene ntchito iliyonse ikuchita, ndiponso khomo losinthira zinthu chombo chili kutali. Popanda zimenezo akanangopenekera.

N'chifukwa chake ndimaona nzeru m'kapangidwe ka PX4, mnzake wa ArduPilot. Zigawo zake zimalankhulana potumizirana mauthenga kudzera mu uORB: chomva kupendekeka chimalengeza zimene chapeza, chofuna kudziwa chimatenga uthenga watsopano. Kulimbirana kiyi kumachepa. Si kuti njirayi ilibe mtengo wake, pakuti chigawo chikhoza kugwiritsa ntchito uthenga wakale, ndipo mmisiri ayenera kuona nthawi imene uthengawo unalembedwa asanaukhulupirire.

Zonsezi zikutikhudza. African Drone and Data Academy inatsegulidwa ku Lilongwe mu January 2020, ndipo achinyamata athu akuphunzira kumanga ndi kuulutsa ma droni. Ndikulakalaka asamalekere pa kulumikiza mawaya. Droni yonyamula magazi okayezedwa kuchokera kuchipatala chakumudzi ikatera bwino, wophunzira atsegule mbiri ya ulendo, aone kangati ntchito yowongola inapitirira nthawi yake, afufuze kuti inachedwa ndi chiyani. ArduPilot imasunga chiwerengero chimenecho, ndipo pulogalamu yake yonse ili poyera pa intaneti, aliyense akhoza kuiwerenga ndi kuisintha.