Lipenga la Roney, mthunzi wa Miles

Miles Davis atamwalira mu 1991, anyamata ake a m'ma 1960, Herbie Hancock, Wayne Shorter, Ron Carter ndi Tony Williams, anakumananso n'kujambula cimbale ca A Tribute to Miles (1994). Pa lipenga anaikapo Wallace Roney, wophunzira wa Miles.

Roney amaliza lipenga mwaluso, koma pa "So What" mumamva Miles kuposa Roney mwiniwake. Moto uli kwa Williams. Ng'oma zake zimathamangitsa anzake, sizilola munthu kutsamira pa zakale. Ulemu weniweni uli pamenepo, cifukwa Miles sankakonda kubwereza za dzulo.

Cimbaleci cinapata Grammy. Inu oimba a m'makomboni, cimvetsereni bwino musanayambe kukopera mphunzitsi wanu.