Glamour Imapangidwa ndi Nyale ndi Mthunzi

Zikufika potopetsa kuona magazini a mafashoni akutcha chithunzi chilichonse cha mkazi wovala zonyezimira kuti ndi glamour. Amayatsa nyale mbali zonse, nkhope n'kungoti mbee ngati mbale yotsuka, kenako kompyuta n'kusalaza khungu mpaka mwiniwake osazindikirikanso.

Ojambula otere sadziwa kumene mawuwa anachokera. Anamveka ku Scotland m'zaka za m'ma 1700, atapotozedwa kuchokera ku mawu akuti grammar. Kalelo anthu wamba ku Ulaya ankati wodziwa mabuku a Chilatini amadziwanso zamatsenga, ndiye glamour inkatanthauza matsenga ophimba munthu m'maso kuti aone zimene palibe. Walter Scott anathandiza kuwafalitsa ndi ndakatulo yake ya mu 1805, The Lay of the Last Minstrel. Zoti ndi kukongola kothobwa m'maso zinabwera pambuyo, ndipo anazikhazikitsa ndi a ku Hollywood.

Kumeneko, amene anagwira mfundo yoti luso lagona pa kubisa ndi George Hurrell, wojambula wa kampani ya mafilimu ya MGM kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930. Iyeyu sankafuna kuti akatswiri a mafilimu abwere atadzipaka zophodaphoda zambiri. Ankapachika nyale yowala kwambiri pachitsulo chachitali, n'kumaisuntha pamwamba pa mutu mpaka mthunzi utagwera pansi pa masaya, nsidze n'kujambula timizere take pankhope. Mbali ina yonse ankaisiya mumdima. Ndiye pake pamenepo! Diso la woona limamalizitsa lokha zimene mdima wabisa, ndipo zimene limadzipangira zimaposa zenizeni.

Ntchito yotsala inali ya pensulo, panegetivu yaikulu ya mainchesi 8 kwa 10. Pachithunzi cha katswiri wa mafilimu Joan Crawford cha mu 1931, wokonza zithunzi James Sharp anafufuta timadontho tapankhope pake kamodzikamodzi, komabe fupa la tsaya ndi ukali wa maso zinatsala momwemo. Zosalaza za pafoni sizisankha choncho, zimangokolopa zonse. Nawonso ojambula akale amene ankajambula mwambuu ngati kuli nkhungu, chinali chinyengo chaulesi basi.

Wokayika aone nkhani ya katswiri wa mafilimu Norma Shearer. Mwamuna wake Irving Thalberg, mmodzi wa akuluakulu a MGM, ankaona kuti mkaziyo alibe chikoka chofunika mufilimu ya The Divorcee. Shearer anakajambulitsa kwa Hurrell mu 1929, n'kumuonetsa mwamunayo zithunzizo. Anapatsidwa gawo mufilimuyo, ndipo mu 1930 analandira nalo mphoto ya Oscar.